Wamng'ono akudzuka usiku chionereni katuni ya mkango, apongozi akuti ndi zaufiti. Ndifufute?

"Aphunzitsi, ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chinamwali. Wamkulu ndi wamkazi ali ndi zaka 7, wamng'ono ndi wamwamuna wangokwanitsa kumene 4. Bambo awo ali ku Joni, chino ndi chaka chachiwiri. Mwezi watha achimwene anga anatiikira pa memori filimu ija ya kamkango, The Lion King, nde anawa aikonda zoopsa, akangoweruka ndi yomweyo tsiku ndi tsiku. Vuto ndi loti wamng'onoyu wayamba kudzuka usiku akulira, kumafunsa kuti adadi nawonso anafa? Wamkulu naye Lamlungu lapitali wakana nkhuku ati inali ndi ana ake ndipo imamva kuwawa. Apongozi atabwera anakalipa kuti nyama zoyankhula ndi zaufiti, mukulowetsa ziwanda m'nyumba, ndipo ku gulupu ya amayi akutchalitchi kunabweraponso uthenga woti makatuni ndi a satana. Ndifufute? Kapena ana ndawawononga kale?"

Achemwali, khazikani kaye mtima pansi, palibe mwana amene mwamuwononga apa. Zimene mwalembazi ndaziona kambirimbiri pa zaka zomwe ndakhala ndi ana a mkombaphala kuno ku Zomba komanso pophunzitsa alezi a sukulu za mmera mpoyamba m'midzimu, ndipo kunena zoona mwana wolira ataonera zomvetsa chisoni sandidetsa nkhawa kwenikweni, amene amandiopsa ndi uja amangoti duu pa foni maola atatu osaseka, osalira, osafunsa kanthu. Anuwa akufunsa, akukana nkhuku, akudzuka kudzakusakani. Mitu ikugwira ntchito imeneyo. Koma sindikuti zonse zili bwino ayi, zilipo zofunika kukonza makamaka kwa wamng'onoyo.

Ndiyambe ndi za apongozi poti ndikudziwa mmene zimalemerera mawu akachokera kuchimuna mwini wake kulibe. Kodi iwowo anakula osamvako ya Kalulu ndi Fisi? Tonsefe tinakulira nyama zoyankhula. Kalulu kukana kukumba nawo chitsime kenako nkumadzaba madzi usiku mpaka Kamba kumugwira, Fisi kufuna kutsata njira ziwiri nthawi imodzi chifukwa cha fungo la nyama, agogo akuti padangotero ife tikuyankha kuti tili tonse, ndipo palibe anasanduka mfiti chifukwa cha zimenezo. Nthano zomwezi zili m'mabuku a Chichewa a ku pulayimale. Ngati nkhani ndi ya chikhulupiriro, pa Numeri 22 bulu wa Balamu anayankhula ndipo amene anamutsegula pakamwa ndi Mulungu yemwe, pa Oweruza 9 Yotamu akunena fanizo la mitengo ikukambirana zosankha mfumu. Anzathu achisilamu, omwe kuno kwathu ndi ambiri, mu Qur'an ali ndi sura ya 27 yomwe dzina lake ndi la nyerere, m'menemo nyerere ikuchenjeza zinzake kuti zilowe m'nyumba zawo Sulaimana ndi asilikali ake angaziponde. Ndiye kuyankhula kwa nyama mu nkhani pakokha si chizindikiro cha mdima.

Katuni ndi zithunzi basi. Anthu amajambula, kale ndi manja pano kwambiri ndi kompyuta, zithunzi zambirimbiri zosiyana pang'onopang'ono, nkumazidutsitsa mwachangu, 24 pa sekondi imodzi, diso nkumaona ngati chinthu chikuyenda. Mawu ndi a anthu wamba ataima pa maikolofoni mu situdiyo, olipidwa ngati antchito ena onse. Mutha kuwaonetsa ana ndi manja anu. Tengani kope lakale la wamkuluyo, pakona pa tsamba lililonse jambulani kampira, tsamba loyamba kali pansi, lotsatira kakwera pang'ono, lotsatira kakweranso, masamba olo khumi ndi asanu, kenako gwirani pakonapo ndi chala chachikulu muwasiye masamba athamange. Kampira kaja kadumpha. Ana a zaka 4 ndawaona akuchita kukuwa ndi chimwemwe pa zimenezi, ndipo mwana amene wapanga yekha katuni yake saopanso chimodzimodzi, amadziwa kuti kuseri kuli munthu ndi pensulo.

Komabe apongozi musawaone ngati otsalira. Mantha awo ali ndi pochokera. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu sagona, pomwe m'makatuni a azungu kadzidzi yemweyo amamuveka magalasi nkukhala mphunzitsi wanzeru. Fisi timamudziwa ndi nkhani za afiti. Nde taganizani agogo alowa m'nyumba akupeza zidzukulu zili maso tong'o pa afisi atatu akuseka pakati pa mafupa, nyani wandodo akuchita ngati sing'anga, kenako mkango wakufa ukuonekera m'mitambo nkumayankhula, Chizungu chake iwo sakuchimva, aganiza chiyani? Ine sindingakulangizeni kuwatsegulira mavesi kumaso, mungoyambitsa nkhani ina yoti ikafike ku Joni mawa lomwe. Bola muwapemphe mwaulemu kuti amayi, anawa nthano zathu sakuzidziwa, tawauzaniko ija ya Kalulu. Agogo ambiri akapatsidwa mpando umenewo mkwiyo umatha wokha, ndipo ana apindula kawiri. Za mzimu wa m'mitambo zija, ngati chikhulupiriro chanu chimaphunzitsa zina pa nkhani ya akufa, auzeni ana momveka kuti iyi ndi nthano, ife timakhulupirira zakuti, ndi udindo wanu umenewo. Mukafuna uphungu wa kutchalitchi kafunseni abusa kapena amayi busa maso ndi maso. Mauthenga aja opanda dzina la wolemba, omaliza ndi tumizani kwa anthu khumi, ine sindiwawerengera.

Tsopano wamng'onoyo, apa ndiye pagona nkhani.

Filimu imeneyi inatuluka mu 1994 ku America, ndi ya kampani ya Disney, ndipo chaka chimenecho ndi yomwe inapanga ndalama zambiri padziko lonse kuposa ina iliyonse, inatenga mphoto ziwiri za Oscar pa nkhani ya nyimbo, mpaka anaimasulira m'Chizulu. Kwawoko anaipatsa chilembo cha G, kutanthauza kuti wina aliyense atha kuonera. Koma olo nthawi imeneyo panali makolo ndi olemba nyuzi omwe ankadandaula kuti malo amene bambo akufa aja ndi olemera kwa tiana. Mu 2019 anaipanganso ina ya nkhani yomweyo koma nyama zake zooneka ngati zenizeni, imeneyo anaipatsa PG, kutanthauza kuti kholo likhale pafupi. Muone kuti pa memori yanuyo pali iti, chifukwa kwa mwana wa zaka 4 ya 2019 ndi yovutirapo, sangasiyanitse bwino ndi mkango weniweni wa pa TV.

Ndipo si filimu iyi yokha. Mu December 2014 magazini ya zachipatala ya ku Britain, BMJ, inatulutsa kafukufuku yemwe anaonera makatuni 45 otchuka kwambiri a ana, kuyambira 1937 mpaka 2013, nkuwayerekeza ndi mafilimu a akuluakulu a zaka zomwezo. Anapeza kuti m'makatuni mpata woti wina wofunikira mu nkhaniyo afe unali wochuluka kawiri ndi theka kuposa m'mafilimu a akuluakulu, ndipo kawirikawiri wakufayo amakhala kholo. Olemba nkhani amachotsa kholo dala kuti mwana wa mu nkhaniyo atsale yekha ayambe ulendo wake. Ife tikangoona zojambula zamitundumitundu timati za ana izi, nkutembenuka kukatsuka mbale.

Taonani zomwe mnyamata wanuyo anaona ndi maso a zaka 4. Kamwana kakugwedeza bambo ake atagona pansi, kakuwakoka khutu kuti adzuke, sakudzuka, kenako kakulowa pansi pa dzanja lawo nkugona pomwepo. Amene wawapha ndi bambo ake aang'ono, munthu wa m'banja, ndipo akubwera kudzamuuza mwanayo kuti wachititsa ndiwe, thawa. Mwana wa msinkhu uwu imfa sanaimvetse, ambiri amayamba kuzindikira kuti wakufa sabwereranso akamafika zaka 5 mpaka 7. Chimene akuchidziwa ndi choti bambo akhoza kusowa. Ndipo ake anasowa ali ndi zaka ziwiri. Joni kwa iye si malo, sanaionepo, ndi mawu chabe amene akuluakulu amatchula. Mu filimu bambo wosowayo amaoneka kumwamba nkuyankhula pang'ono nkuzimiririka, kunyumba kwanu bambo amaoneka pa foni nkuyankhula pang'ono netiweki nkuduka. Mukuona mmene kamutu kake kalumikizira? Funso limeneli analinalo kale mumtima, filimu yangomupatsa mawu olifunsira. Ana a msinkhu uwu amakondanso kuganiza kuti zinthu zimachitika chifukwa cha iwo, ndiye musadabwe tsiku lina akadzafunsa ngati adadi anapita chifukwa iye amavuta.

Muyankheni molunjika, mawu ochepa, omwewomwewo nthawi zonse. Ayi mwanawe, adadi ali moyo, ali ku Joni akugwira ntchito, amakukonda, tiwaimbira mawa. Akafunsa kakhumi muyankhe kakhumi osatopa. Za mkango uja musamunamize kuti unangogona, chifukwa ayamba kuopa tulo, ndipo chonde chonde musanene kuti unapita ulendo, poti amene ali pa ulendo ndi bambo ake. Nenani kuti mu nthano muja mkango unafa, ndi zomvetsa chisoni, nanenso ndinamva chisoni, koma ndi zojambula, adadi ako si mkango uja.

Bambo akewo muwauze zonsezi, ali ndi gawo lalikulu kuposa inu pa nkhani iyi. Mugwirizane tsiku ndi nthawi yokhazikika yoimba vidiyo, olo kamodzi pa sabata malinga ndi bandulo, koma isamaphonyeke. Akaimba asamangofunsa kuti mwadya, amuonetse mwana chipinda chomwe amagona, poto amene amaphikira, nsapato zawo zakuntchito, msewu panja, kuti Joni isanduke malo enieni okhala ndi khomo ndi zenera. Ajambulenso mawu pa WhatsApp, kanyimbo kapena kungoti gona bwino mwana wanga ndi adadi, muzimuikira akamagona. Chimodzi chokha, asamulonjeze tsiku lobwera lomwe sali nalo chitsimikizo, ana amasunga malonjezo kuposa ife.

Akadzuka usiku mufungatireni, yatsani nyale kapena tochi pang'ono, osamuseka, osamuuza kuti mwamuna salira. Ndipo ka chizolowezi kathu kaja koopseza kuti ukapanda kugona fisi akubwera, kasiyeni kaye, muwauzenso ena onse apakhomopo. Ife timanena mongocheza, iye afisi wawaona kale nkhope.

Ndiye mufufute? Ine ndingati ayi, koma wamng'onoyu apume kaye, miyezi ingapo olo mpaka chaka palibe chimene ataye. Mukafufuta mwaukali wamkuluyo adziwa kuti ndi chifukwa cha mlongo wake, ayamba kumunena, ndipo wamng'onoyo aphunzira kuti ukaulula mantha zinthu zabwino zimachotsedwa. Ingoisungani pena. Wamkulu azionera Loweruka mng'onoyo akagona masana kapena akapita kosewera. Tsiku lomwe mudzaibwezeretse kwa onse mudzakhale nawo pamphasapo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Apa ndi pomwe nthano za agogo zimasiyana ndi filimu. Agogo akamanena nthano amaona nkhope zathu pa kuwala kwa moto, akaona kuti kamodzi kayamba kunjenjemera amafewetsa, amaponyapo nyimbo, amamupangitsa Fisi kukhala chitsiru choseketsa, mwana ali pamwendo. Foni siona nkhope ya mwana. Imangopitiriza, nyimbo zoopsa zikukwera, olo mwanayo atagwira mpando. Kumupatsa mwana filimu yomwe inu simunaionerepo kuli ngati kumudyetsa phala osalawa kaye kutentha kwake. Sindikunena kuti muzikhala pansi ola ndi theka tsiku lililonse, ndani ali ndi nthawi imeneyo, madzi akudikira, geni ikudikira. Koma ulendo woyamba wa filimu iliyonse yatsopano ukhale wa nonse, muziimitsa pena nkufunsa kuti ukuganiza kuti achita chiyani, uyu wakwiya chifukwa chiyani. Olo Chizungu chake chikuthamanga, zithunzi zimakuuzani.

Zoti akubwereza yomweyo tsiku ndi tsiku zisakudabwitseni, ana amatero, amakonda kudziwiratu chomwe chikubwera, ndipo pena amabwerera dala pamalo powaopsa kuti awazolowere.

Za nkhuku zija ndinaseka pang'ono, mundikhululukire, chifukwa pafupifupi chaka chilichonse pamapezeka kholo lobwera ndi dandaulo lomweli, pena ndi mbuzi ya Khirisimasi. Mtsikana wanuyo wafika msinkhu wotha kudziika m'malo mwa wina, ndi chinthu chabwino kwambiri, musachiphe ndi chikwapu. Osamukakamiza, osamunyoza pagulu kuti wayamba uzungu, komanso osamunamiza kuti ndi nyama ina. Muuzeni zoona. Inde nkhuku imamva kuwawa, nchifukwa chake timaipha mwachangu ndi mpeni wakuthwa osaizunza, koma siganiza ngati munthu, siyankhula, sikonza za mawa ngati nyama za mu filimu. Timaziweta, timazisamala, timadya. Pakali pano mpatseni mazira, nyemba, usipa, matemba, ndiwo zotendera, thupi silisowa kanthu. Ambiri pakatha masabata angapo amabwerera okha, fungo la yokazinga likawapeza. Ngati muli ndi nkhuku pakhomo mupatseni ntchito yozimwetsa madzi ndi kutolera mazira, koma ija waipatsa dzina musaiphe iye akuona, ndipo musamutume kuti aigwire miyendo.

Pali kafukufuku wina wa ku yunivesite ya Toronto ku Canada, anatuluka mu 2017, amene amandisangalatsa pa nkhani imeneyi. Anatenga ana a zaka 4 mpaka 6, ena anawawerengera nkhani yophunzitsa kugawana yokhala ndi anthu, ena nkhani yomweyo koma ya nyama zovala zovala, kenako nkuona kuti agawira anzawo timasitika tingati. Omwe anamva ya anthu anagawa zambiri kuposa poyamba, a nyama aja ayi. Kutanthauza kuti phunziro la mu nkhani ya nyama silidumpha lokha kulowa m'moyo wa mwana, pamafunika wamkulu woti alumikize. Agogo athu ankatero kumapeto kwa nthano, amvekere mwamuona Fisi, dyera lomwe lija la iwe pa mbale ya nsima.

Ndipo mu filimu yanuyi muli phunziro limodzi lomwe ndingakonde kuti mulilumikize kwa wa zaka 7 uja, poti ndi mtsikana ndipo bambo ake kulibe. Wamkulu wa m'banja anachita choipa, nkumuuza mwana kuti walakwa ndiwe, usabwererenso kwa amayi ako. Mwanayo anakhulupirira, anasenza mlandu wosakhala wake mpaka kukula. Mufunseni kuti kodi kamkango kaja kakanathamangira kwa amayi ake nkunena zonse zikanatha bwanji? Kenako muuzeni kuti munthu wamkulu aliyense, kaya wachibale kaya aphunzitsi kaya wa kutchalitchi, akadzakuuza kuti usauze amayi ako, tsiku lomwelo udzandiuze, sindidzakumenya. Nkhani yovuta kuiyamba imeneyi, apa filimu yakutsegulirani khomo.

Muwauzekonso za nyama zenizeni, chifukwa makatuni amanama ndithu. Fisi wamawangamawanga si wongotola zotsala, chakudya chake chambiri amasaka yekha, gulu lawo limatsogoleredwa ndi zazikazi, ndipo nthawi zambiri mkango ndi umene umalanda nyama ya afisi. Akatswiri ena ofufuza za afisi anadandaula poyera filimuyi itatuluka kuti yaipitsa mbiri ya nyama yawo. Kwa mikango, zosaka kwambiri ndi zazikazi. Mukadzapeza kangachepe, Liwonde National Park ili pafupi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi kuchoka mu tauni muno, mikango anaibwezeretsamo mu 2018 itatha kalekale, ndipo Amalawi timalipira zochepa pakhomo kuposa alendo akunja. Mwana akaona njovu yeniyeni ikuthyola nthambi osanena mawu amodzi omwe, zambiri zimalongosoka zokha m'mutu.

Koma choopsa chenicheni cha nyama zoyankhula, chomwe ine ndimachiopa kuposa ziwanda za apongozi, ndi ichi: mwana wa zaka 4 amayamba kuona nyama iliyonse ngati mnzake. Amathamangira galu wosamudziwa kuti amukumbatire, amatambasulira dzanja anyani aja a mu msewu wopita Ku Chawe. Chiwewe chilipo kuno, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi onse odwala chiwewe, mpaka 99 pa 100, amachitenga kwa agalu, komanso 40 pa 100 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba palibe mankhwala. Aphunzitseni onse awiri kuti galu wa eni sitimugwira, galu akamadya kapena ali ndi ana sitimuyandikira, akatithamangira timaima chilili manja pachifuwa osathawa, ndipo akakuluma kapena kukukanda olo pang'ono pokha unene msanga, sukalipidwa. Ana ambiri amabisa poopa kumenyedwa. Zikachitika tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione kaye galuyo.

Pa za nthawi, WHO yomweyo mu 2019 inalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhalitsidwe pa sikirini nkomwe, wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku, kuchepera apo ndi bwinonso. Filimu ya 1994 ija ndi ya pafupifupi ola ndi theka, ya 2019 ndi yotalikirapo, ndiye tsiku lililonse wamng'onoyo wakhala akupyola. Sindikunena izi kuti mudziimbe mlandu, mayi muli nokha ndi ana awiri, pena foni ndi yomwe imakupatsani mpata wophika. Koma yesani kuti zoonera zikhale masana, zithe ola lathunthu asanagone, ndipo pa nthawi ya chakudya foni ikhale kutali. Zamadzulo ndi zomwe zimalowa m'maloto. Mtundu wa katuni nawonso uli ndi kanthu, mu 2011 ofufuza a ku yunivesite ya Virginia anaonetsa ana a zaka 4 katuni yothamanga kwambiri kwa mphindi 9 zokha, atangomaliza anawo anavutika kudikira ndi kutsata malangizo kuyerekeza ndi anzawo omwe amajambula ndi makrayoni. Zinali za nthawi yochepa, koma aphunzitsi a mkombaphala timazidziwa, Lolemba mmawa umachita kuona kuti uyu wagonera makatuni a phokoso.

Memoriyo muifufuze yonse muli nokha. Achimwene anuwo mwina anakaikitsa kwa anyamata oika mafilimu mu msika, ndipo kumeneko amangothira zambirimbiri mu foda imodzi, katuni apa, ya nkhondo apa, ina yosayenera nkomwe pakati. Si zojambula zonse zomwe ndi za ana, alipo makatuni opangira akuluakulu okhala ndi zolaula ndi magazi. Samalaninso ndi omasuliridwa m'Chichewa aja, ena amamasulira bwino ndipo ana amamva nkhani, koma ena womasulirayo amaponyamo nthabwala za kumowa kuti anyamata a ku vidiyo sho aseke, kalulu wa pa sikirini nkumatukwana. Mverani kaye. Pa YouTube zimitsani kaja kongopitiriza kokha vidiyo ina ikatha, chifukwa mwana amayamba ndi kamkango nkukathera kwina, kuli anthu amatenga zidole zodziwika za makatuni nkupanga nazo zonyansa. Ku vidiyo sho wa zaka 4 asapite, wa zaka 7 naye ine sindingamulole yekha, m'mashedi muja filimu imasintha malinga ndi amene walipira.

Ena amati asiyeni aziphunzirirapo Chizungu. Mawu awiri atatu atola inde, ndi kanenedwe, koma mwana amaphunzira chilankhulo poyankhulana ndi munthu womuyankha. Mukafuna phindu lenileni, filimu ikatha muuzeni wamkuluyo akufotokozereni nkhani yonse m'Chichewa inu mukusenda mbatata, mudzadabwa zomwe anamva ndi zomwe anangopeka.

Nanga mupite liti kukafuna thandizo? Maloto oipa a apo ndi apo pa msinkhu uwu ndi achibadwa, ndipo mukachita zomwe takambazi ndikuyembekeza kuti pakatha masabata awiri kapena anayi zikhala zitachepa. Pali mtundu wina womwe mwana amakuwa maso ali tong'o chigonereni maola ochepa, osakuzindikirani, mmawa osakumbuka kanthu, umaopsa kuona koma nthawi zambiri umatha wokha akamakula, musamugwedeze kuti adzuke, ingoonani kuti asadzipweteke. Koma ngati kukuwako kwabwera ndi kutentha thupi, kusanza, kufooka kapena kukomoka, musaganize za filimu, thamangani naye akayezedwe malungo usiku womwewo. Ngati mwana amati akamaonera zothwanimathwanima amangoti zii osayankha, maso kutembenuka kapena manja kugwedezeka, zimitsani ndipo akaonedwe za khunyu, izi zimachitika kwa ana ochepa koma ndi zenizeni, ku Japan mu December 1997 ana oposa 600 anathamangira nawo kuchipatala usiku umodzi chifukwa cha katuni ya pa TV yomwe inali ndi kuwala kophethira mwachangu.

Pitaninso ngati papita mwezi wathunthu mantha akungokula, wayambiranso kukodza pogona pomwe anasiya, sakufuna kukusiyani olo kupita kubafa, wasiya kusewera ndi anzake, kapena wamkuluyo kukana nkhuku kwafalikira ku zakudya zina mpaka akuonda. Yambirani ku chipatala chaching'ono chomwe mumapita kusikelo, mutenge buku lake la kuchipatala, mufotokoze zonse kuphatikizapo zoti bambo ali kutali, akaona kuti nkofunika akutumizani ku Zomba Central Hospital. Aphunzitsi ake a ku mkombaphala muwauzenso, amaona zomwe inu simuona masana. Ndipo ngati pocheza za bambo aang'ono a mu filimu aja mmodzi mwa anawa watchula zoti pali wamkulu wina amamugwira, amamuonetsa zinthu pa foni kapena anamuuza kuti asaulule, musakalipe, musathamangire kukafunsa munthuyo, mvetserani mpaka amalize, kenako imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe a YONECO a kuno ku Zomba amayendetsa, kapena pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya ku polisi yomwe muli nayo pafupi.